Za Mariano Rivera: ntchito ya mphindi teni yomweyo mpaka Hall of Fame?

Tadala M: Anthu a baseball pagulu pano ndithandizeni. Ndaona kavidiyo ka Mariano Rivera akulira pakati pa bwalo anzake awiri atamuzungulira, sitediyamu yonse itaimirira, nde nditafunsa kuntchito akundiuza kuti mkuluyu ntchito yake inali kungolowa gemu ikamatha, kuponya mphindi teni basi nkukasamba. Zoona zimenezi? Nanga ulemu wonsewo ngwa chani?

Mavu South Bend: Kkkkk achemwali mwaiputa dala. Dikirani Chiko adzuke, mumva ulaliki mpaka mawa

Chiko Bronx: Ndili maso ine amwene. Tadala, amene akuuzaniwo sananame koma akuuzani zoperewera. Gemu ya baseball imakhala ndi ma inning 9, pa inning iliyonse timu imamenya mpaka anthu ake atatu atatulutsidwa kenako nkusinthana. Woponya woyamba, starter, amafika inning ya 5 kapena 6, apo nkuti ataponya mipira pafupifupi 100 mkono walema, ndipo saponyanso mpaka padutse masiku anayi. Akatuluka amalowa anyamata a mu bullpen, kampanda kena kuseri kwa bwalo komwe amakhala akutenthetsa mkono, amenewo ndi ma reliever. Mwa onsewo pali mmodzi amene kochi amamusungira inning ya 9 ngati timu ikutsogola pang'ono, ameneyo ndiye closer. Rivera anali closer wa New York Yankees kuyambira 1997 mpaka 2013, timu imodzi yomweyo moyo wake wonse. Ukatseka gemu bwinobwino amakulembera save, iye ali nazo 652 ndipo palibe wina anafikapo pamenepo.

Mavu South Bend: Muwauzenso kuti save yo ndi chani. Lamulo lake ndi loti ukalowa timu yako ikutsogola ndi ma run atatu (ma run ndi zigoli za baseball) kapena ochepera apo, nkuponya inning imodzi osaluzitsa, basi wapata save. Ma run ATATU achemwali. Munthu utha kulowa 5-2, kumenyedwa ma run awiri, gemu nkutha 5-4, mawa nyuzi nkulemba kuti wapulumutsa timu. Chiwerengero chimenechi anachiyambitsa ndi mtolankhani wa ku Chicago, Jerome Holtzman, ligi inachivomereza mu 1969, ndipo kuyambira apo makochi akhala akusewera motsata chiwerengero m'malo motsata gemu

Tadala M: Nde a Mavu mukuti ndi wamba?

Mavu South Bend: Ayi wamba ayi, ndisaname. Pa ma closer onse ndi nambala wani, zimenezo sinditsutsa. Koma onani izi. Zaka 19 waponya ma inning 1,283. Mnzake wa timu yomweyo Andy Pettitte anaponya opitirira 3,300. Greg Maddux opitirira 5,000, onsewa ma starter. Ndiye wina ndikumuuza kuti wogwira kota ya ntchito ndi wamkulu kuposa onsewo? Komanso anayamba ngati starter mu 1995 zinamukanika, gemu yake yoyamba pa 23 May a California Angels anamuthira ma run 5 asanamalize ndi ma inning anayi omwe, sizoni imeneyo ERA yake inali 5.51. Ku bullpen anapita chifukwa kutsogolo kunamukana

Kondwa Joni: ERA nso nde chani abale, ife a cricket tikungoyang'ana

Chiko Bronx: Ma run amene woponya amapereka pa ma inning 9 aliwonse, osawerengera obwera chifukwa cha phuma la anzake. Ikakhala 4 ndiwe wapakatikati, 3 ndiwe dolo. Ya Rivera moyo wake wonse ndi 2.21. Koma ine sindiyambira pa manambala, a Mavu amakonda kuthamangira kumeneko. Muyambe mwaona komwe munthuyu anachokera.

Anabadwa pa 29 November 1969 ku Panama, anakulira ku Puerto Caimito, mudzi wa asodzi m'mbali mwa nyanja ya Pacific. Bambo ake anali woyendetsa boti lopha tinsomba ta sardine. Ana kumeneko ankasewera baseball pamchenga nyanja ikaphwa, gulovu ya katoni ya mkaka, bat ya nthambi ya mtengo, mpira wokulunga zidutswa za ukonde wakutha nkumata tepi, ndendende chikulunga chathu chija. Ndipo iye mtima wake unali pa mpira wamiyendo, ankafuna kukhala ngati Pelé, anasiya chifukwa chovulala akakolo pafupipafupi. Atasiya sukulu, ali ndi zaka 16 analowa boti la bambo ake, masiku sikisi pa sabata ali pamadzi, iye maloto ake anali oti adzakhale makaniko

Bambo a Thoko: Apa nde mwandidzutsa ana inu. Ine za mpira wanuwo sindizidziwa koma za boti ndiye ndakuliramo, kwathu ku Nkhotakota. Mwana wa zaka 16 amene wakoka ukonde usiku wonse mphepo ikuomba, manja atatupa chingwe chitamudya, ameneyo simungamuopseze ndi anthu okuwa m'sitediyamu. Pamadzi ukalakwitsa sakukuwiza, amakakufuna m'mawa ndi bwato lina.

Chiko Bronx: Mwalasa madala. Ndipo zinamuonekeradi. Mu 1988 ali pantchito chingwe china chinaphonyoka pa makina okokera ukonde nkukwapula ankolo ake a Miguel, iye akuona, patapita mwezi anamwalira. Ulendo wina boti linayamba kumira litadzaza nsomba, anachita kulithawa. Apo mpamene anati usodzi basi

Bambo a Thoko: Chingwe chikakhala chakungika sichiona kuti uyu ndi mwini boti kapena waganyu. Pepani pitirizani.

Chiko Bronx: Nde baseball ankangosewera yongosangalala mu timu ya m'dera yotchedwa Panamá Oeste, ndipo sanali woponya nkomwe, anali shortstop, mmodzi wa otola mipira yomenyedwa. Scout wa Yankees Herb Raybourn anamuonapo akusewera pamenepo nkumusiya kuti palibe kanthu. Kenako tsiku lina woponya wawo zinamuvuta, anangoti Mariano tayesa iwe, anaponya bwino moti anzake awiri anakauza scout wina Chico Heron, mapeto ake Raybourn yemwe uja anabweranso nkumusainitsa pa 17 February 1990. Ndalama yosainira sinapitirire madola 3,000. Mnyamata wa zaka 20 woonda ngati bango, Chingerezi osadziwa ndi liwu limodzi, ndege asanakwerepo, ulendo wa ku Florida. Mu 1992 anamupanga opaleshoni ya chigongono. Chaka chomwecho matimu atsopano awiri, Marlins ndi Rockies, anali ndi mwayi womutenga ulele chifukwa Yankees sanamuteteze, onse anamudutsa

Sis Eneless Boston: Ndikuona mwayamba misa ya Yankees popanda ine. Pitirizani, ndikudikira mufike 2004 😌

Chiko Bronx: Asisi tikufika, musapse mtima kkkk. 1995 imene a Mavu akunenayo ndi yoona anamenyedwa, mpaka mu June anamubweza ku timu yaing'ono ya Columbus tsiku limodzi ndi Derek Jeter. Mabwana anali pafupi kumusinthanitsa ndi David Wells wa Detroit. Koma ali kumeneko liwiro la mpira wake linangokwera lokha kufika 95 mph, ndiye kuti makilomita opitirira 150 pa ola, bwana Gene Michael atamva lipoti anaimitsa zokambirana zonse. Mu 1996 ankaponya inning ya 7 ndi 8 kukonzera njira closer John Wetteland, ma inning 107, ma strikeout 130 (anthu otulutsidwa atalephera kuumenya mpira), anakhala wachitatu pa mavoti a Cy Young, mphotho ya woponya wabwino kuposa onse, asali ndi closer yemwe. A Mavu chaka chimenecho simuchitchula bwanji?

Mavu South Bend: Ndichitchula ine, chifukwa chikundithandiza. 1996 ndiye chaka chimene anagwira ntchito yeniyeni, ma inning 107. Atangomupatsa u closer sanafikenso ndi 81 omwe pa sizoni. Anamukweza udindo nkumuchepetsera ntchito, ngati bwana wa m'boma

Kondwa Joni: Kkkkkk a Mavu mulibe chisoni. Koma ine funso langa ndi la mpira umodzi uja, ndinamva kuti ankaponya mtundu umodzi wokha zaka zonsezo. Zimatheka bwanji? Ku cricket olo Malinga ndi yorker yake ija ankasakaniza ndi slower ball, ukamangobwereza chimodzi anthu amakuwerenga pa vidiyo sabata imodzi watha

Chiko Bronx: Apa nde pamene pali nkhani yonse aise. Mpirawo amautcha cutter. Mu June 1997 ali ku Detroit ankaponyerana ndi mnzake wa ku Panama Ramiro Mendoza gemu isanayambe, zongotenthetsa, Mendoza nkuyamba kudandaula kuti iwe bwanji mpira wako ukukhota, undivulaza. Iye akuti ine ndikuponya mmene ndimaponyera masiku onse. Kochi wa oponya Mel Stottlemyre anakhala naye kuyesa kuuwongola kuti uzipita straight, zinakanika, mapeto ake anangoti usiyeni. Mwini wake mpaka lero amati inali mphatso ya Mulungu, palibe anamuphunzitsa.

Mmene umayendera: kuchoka pomwe waima woponya kufika pa womenya ndi mamita 18 ndi theka osakwana bwino. Pa liwiro limenelo mpira umafika sekondi isanathe ndi theka lomwe, nde womenya amayenera kuganiza zomenya mpira uli pakati pa njira. Wa Rivera umabwera ngati fastball wamba, wowongoka, iwe wayamba kale kuzungulitsa bat, kenako chakumapeto penipeni umatsetsereka pang'ono chabe, kulowera cha ku zala za munthu womenyera kumanzere. M'malo mogunda pamutu ponenepa pa bat umagunda pafupi ndi chogwirira pomwe ndi powonda, bat nkuthyoka, kampira nkugubuduka pang'onopang'ono kupita kwa first base. Chinsinsi chili pa chala chapakati mmene chikukanikizira pa msoko wa mpira. Mu World Series ya 1999, fainolo ya ligi, anathyola ma bat atatu a Ryan Klesko wa Atlanta pa ulendo umodzi wokha womenya, Chipper Jones ali pa benchi ya timu yomwe ikuluzayo kamera inamugwira akuseka. Zinafika poti anthu ena omenya mbali zonse ankasankha dala kumenyera kumanja, zosemphana ndi nzeru yonse ya baseball, kungothawa kuthyoledwa zala

Kondwa Joni: Ndiye aliyense akudziwa chikubwera koma osachimenya

Chiko Bronx: Eya. Womenya akudziwa, kochi wake akudziwa, wogulitsa ma hot dog akudziwa. Ndipo sankabisa, pa All-Star ya 2008, gemu ya akatswiri osankhidwa mu matimu onse, anamuonetsa Roy Halladay kagwiridwe kake, munthu wa Toronto timu yolimbana nawo, Halladay mpaka anajambula zala ndi bolopeni pa mpira kuti asaiwale. Anthu ambiri amaponya cutter lero. Kusiyana kwake nkwakuti iye amauika pomwe wafuna, m'mphepete mwenimweni, lero mawa mkuja zaka 17, thupi likuyenda chimodzimodzi ngati makina osokera

Sis Eneless Boston: Chabwino tsopano nthawi yanga. Tadala mwana wakwathu usamvere Chiko yekha, munthuyu ankamenyedwa ndithu ndipo ankamenyedwa pa gemu zikuluzikulu. October 2004, Yankees ikutsogola Red Sox yathu ya Boston magemu 3-0, yatsala imodzi kuti atitulutse, gemu ya 4 pabwalo lathu la Fenway inning ya 9 iwo ali patsogolo 4-3, akuponya ndi Rivera. Anapereka walk kwa Kevin Millar, ndiye kuti kupita pa first base ulele, analowa Dave Roberts kudzathamanga m'malo mwake, dziko lonse likudziwa kuti aba base, kuthamangira yotsatira mpira usanamenyedwe, Rivera anaponya ku first katatu konse kumuopseza, Roberts anababe second, Bill Mueller nkumenya mpira kudutsa pakati penipeni 4-4. David Ortiz anamaliza nkhani mu inning ya 12. Kuchokera apo tinawina zinayi zondondozana, chinthu chimene chinali chisanachitikepo mu baseball, nkukatenga World Series yoyamba chichokereni 1918. Odwala anga achikulire kuno ukangotchula Dave Roberts nkhope imawala olo akumva ululu

Chiko Bronx: Zoona zonsezo. Mungoonjezera kuti sabata yomweyo anali atangochokera ku maliro ku Panama, abale awiri a mkazi wake, bambo ndi mwana wake, anafa ndi magetsi mu swimming pool ya kunyumba kwake. Anaika maliro m'mawa, kukwera ndege, usiku womwewo anatseka gemu yoyamba ya series imeneyo ku Bronx kwa Yankees

Sis Eneless Boston: Zimenezo ndikudziwa ndipo nchifukwa chake sindimunyoza. Chimene chinandigula ine ndi April 2005. Tsiku lolandira mphete zathu ku Fenway, alendo anali Yankees omwewo, akutchula maina mmodzimmodzi anthu akuwakuwiza onse, atafika pa Rivera sitediyamu yonse inaimirira kumuombera m'manja mwachipongwe, ngati kunena kuti zikomo potipatsa chikho. Wina akanakwiya. Iye anaseka mano onse panja nkuvula kapu kuwapatsa ulemu. Kuyambira tsiku limenelo anthu a kuno amadana ndi Yankees yonse kupatula iyeyo

Mavu South Bend: Onjezani 1997, Sandy Alomar Jr. wa Cleveland home run, mpira kutuluka bwalo, inning ya 8, mawa lake Yankees kunja. Onjezani 2001 gemu ya 7 ya World Series ku Arizona, akutsogola 2-1, iye mwini anaponya mpira wokhota ku second, kenako Luis Gonzalez kampira kofooka kodutsa pamutu pa Jeter, chikho chapita. Katatu konse sizoni inafera m'manja mwake

Chiko Bronx: Katatu pa magemu 96 a playoff, ndime yochotsana ya kumapeto kwa sizoni, amwene. Tiyeni tiwerenge bwino poti mumakonda manambala. Ma inning 141 mu October, kukumana ndi matimu okhaokha abwino, ERA 0.70. Ma earned run 11 basi. Anthu amene anapondapo pa mwezi ndi 12. Zikho zisanu, 1996, 1998, 1999, 2000, 2009. Ndipo nkhani yanu ya inning imodzi ija mu playoff siigwira, gawani 141 ndi 96 muone, kochi Joe Torre ankamulowetsa inning ya 8 kawirikawiri. 2003 gemu ya 7 ndi Boston yomweyo anaponya ma inning atatu osapereka kanthu mpaka Aaron Boone anamenya home run mu 11, Rivera anathamangira pa mound, kachulu koponyerapo, nkugwa pansi akulira. Asisi imeneyo simunaitchule

Sis Eneless Boston: Netiweki inavuta chaka chimenecho, sindinaone 🙄

Tadala M: Kkkkk. Koma ya 2001 yo anaipirira bwanji? Ine ndikanasowa pobisala

Chiko Bronx: Anaima pa locker yake kuyankha atolankhani onse mpaka womaliza. Koma pali kankhani kena. Mnzake wa mu timu Enrique Wilson wa ku Dominican Republic anali atagula tikiti yobwerera kwawo pa 12 November, kuwerengera kuti kukhala perete ya chikho ku New York. Ataluza perete kunalibe, anasintha nkunyamuka msanga. Ndege imene akanakwera, American Airlines 587, inagwa ku Queens itangonyamuka, anthu onse 260 anali m'menemo anafa. Wilson amanena kuti Rivera anamuuza kuti akuthokoza kuti analuza gemu ija chifukwa mnzake akadali moyo

Bambo a Thoko: Mmm. Koma zinthu zake.

Mavu South Bend: Nkhani yogwira mtima, sindikana. Koma tibwerere pa mfundo. Vuto langa si munthuyo, ndi mpando wake. Kale ma reliever ankalowa pomwe moto wayaka, kaya ndi inning ya 7 anthu ali pa ma base, nkumaliza gemu yonse. Mike Marshall wa Dodgers mu 1974 analowa magemu 106 ma inning 208, reliever ameneyo. Goose Gossage, reliever wina wa nthawi imeneyo, mpaka lero amadandaula kuti kumufanizira ndi ma closer a inning imodzi nkumulakwira. Zinasintha ndi kochi Tony La Russa ku Oakland atayamba kumusungira Dennis Eckersley inning ya 9 yokha, aliyense nkukopera. Mapeto ake ndi zija zinachitika 2016, Baltimore gemu ya wild card ku Toronto, closer wawo Zach Britton ERA 0.54 sizoni yonse osaphonya save ndi imodzi yomwe, kochi Buck Showalter anamusiya mu bullpen kudikira nthawi ya save imene sinabwere, Encarnación anamenya home run kwa munthu wina mu inning ya 11 sizoni nkutha, woponya wabwino kuposa onse atangokhala ndi jekete

Kondwa Joni: Apa a Mavu ali ndi mfundo. Koma mlandu ndi wa kochi osati wa woponya

Chiko Bronx: Ndi zomwe ndikunena. Komanso ngati mpandowo ndi wophweka, bwanji anthu sakhalitsapo? Onani matimu ambiri, closer zaka ziwiri zitatu wapsa, kaya mkono kaya mutu. Eric Gagné anatseka 84 zondondozana, patangopita zaka zochepa anali atatha. Starter akamenyedwa ali ndi masiku anayi oti aiwale, komanso timu ili ndi ma inning ambiri obweza. Closer akalakwitsa gemu yathera pomwepo, anzako onse agwira ntchito maola atatu iwe waitaya mphindi zisanu, ukuyenda kutuluka kamera ili pankhope, ndipo mawa lake foni ya mu bullpen ikulira akufunanso iwe. Rivera chaka choyamba chomwe anataya ma save atatu mwa sikisi oyambirira. Anakhalapobe zaka 17. Trevor Hoffman yekha ndi amene anayandikira ndi ma save 601, ndipo Rivera anamudutsa pa 19 September 2011. Kenley Jansen amene akutsogola mwa osewera a pano anali pa 447 pomwe 2024 imatha, ndiye kuti kutsala 200 ndi kanthu munthu ali kale ndi zaka 37

Admin Yamie: Pepani ndidule pang'ono, amene simunapereke za chipepeso cha kwa a Banda tsiku lomaliza ndi Lachisanu. Pitirizani baseball yanu

Tadala M: Ndatumiza kale admin. A Chiko nanga kavidiyo kaja kolira?

Chiko Bronx: Imeneyo ndi 26 September 2013, gemu yake yomaliza ku Yankee Stadium ndi Tampa Bay. Koma muyambe chaka chapambuyo pake. Munthuyu anali ndi chizolowezi chothamangitsa mipira ya m'mwamba kunja kwa bwalo anzake akamayeserera kumenya, ndiyo inali jimu yake. Pa 3 May 2012 ku Kansas City akuchita zomwezo bondo linapotokola, mtsempha wa ACL kuduka, ali ndi zaka 42. Aliyense anati basi wathera pompo. Iye anati sangachoke mwa njira imeneyo. Anabwerera 2013 ali ndi zaka 43, ma save 44, ERA 2.11, nkutenganso MVP, wosewera bwino kuposa onse, wa All-Star Game. Chaka chimenecho sitediyamu iliyonse imene amapita komaliza ankapempha kukumana ndi ogwira ntchito, osesa, ogulitsa matikiti, osamalira kapinga, kukhala nawo m'chipinda kuwathokoza. Matimu ankamupatsa mphatso, a Minnesota Twins anamupangira mpando wogwedera wa ma bat othyoka okhaokha kkkk.

Nde tsiku lomalizalo, mwa lamulo amene amapita kukachotsa woponya ndi kochi. Joe Girardi anapempha ma ampaya kuti atume Jeter ndi Pettitte, anzake amene anakulira limodzi kuyambira ku matimu aang'ono. Inning ya 9 atatulutsa awiri, akutembenuka akuona akubwera ndi anzakewo, anayamba wamwetulira, atapereka mpira kwa Pettitte anangomugwera paphewa kulira ngati mwana osatha kudziletsa. Gemu itatha anabwerera yekha pa mound kukatapa dothi pang'ono

Sis Eneless Boston: Ndipo nambala 42 inathera pa iyeyo. Ligi yonse inaipumitsa mu 1997 polemekeza Jackie Robinson, munthu wakuda woyamba kusewera mu ligi imeneyi nthawi yathu ino mu 1947, koma amene anali ataivala kale anawalola kupitiriza mpaka atapuma. Womaliza anali Rivera. Chimene chimandiseketsa ine ndi nyimbo yolowera ija ya Metallica, Enter Sandman, chigitala cholusa sitediyamu kugwedezeka, pomwe mwini wake ndi munthu wa tchalitchi womvera nyimbo zauzimu, sanaisankhe ndi iye ndi anthu a sitediyamu. Atapuma iye ndi mkazi wake Clara anatsegula tchalitchi ku New Rochelle

Kondwa Joni: Kuno ku Joni baseball iliko pang'ono, Gift Ngoepe anafika ku Pittsburgh 2017 woyamba wobadwira mu Africa, ndipo Tayler Scott wa konkuno ndi reliever, anayamba ndi Seattle 2019. Koma iyeyo nde moyo weniweni wa reliever, chaka chino timu iyi chaka chamawa ina, mpaka ku Japan anafikako. Kuonera live nkovuta, gemu ya 7 madzulo ku New York kuno ndi 1 koloko usiku, closer akamalowa ndi cha m'ma 4 tambala akulira

Mavu South Bend: Mwaona Kondwa wanena zoona, moyo wa reliever ndi umenewo, sutikesi m'manja. Rivera ndi mmodzi pa chikwi ndipo anagwera timu imene imafika playoff chaka ndi chaka, akanakhala ku Pittsburgh ma inning 141 a October akanawaona kuti? Koma chimene chimandiwawa kwenikweni ndi ichi. January 2019 atolankhani onse 425 anamuvotera kulowa Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri opuma, munthu woyamba m'mbiri kupeza 100%. Babe Ruth sanapeze. Willie Mays sanapeze. Hank Aaron anthu 9 anamukana. Ken Griffey Jr. atatu, Jeter mmodzi, Ichiro mmodzi. Ndiye woyamba ndi yekhayo mpaka pano akhale munthu wa inning imodzi?

Chiko Bronx: Mlandu umenewo mukaimbe amene anakana Aaron, osati amene anavotera Rivera. Voti siifunsa kuti wamkulu ndani kuposa onse, imafunsa kuti uyu alowe kapena ayi. Inuyo akanakupatsani pepala mukanalemba ayi?

Mavu South Bend: Ndikanalemba eya

Chiko Bronx: Basi 426 kkkkk

Mavu South Bend: Musasangalale. Chaka chomwecho analowa ndi Edgar Martinez amene ankamumenya Rivera ngati ng'oma, kumenya bwino ka 11 pa maulendo 19, Rivera mwini amavomera kuti ameneyo anamukanika, koma Edgar anadikira zaka 10 pa balloti chifukwa akuti DH, munthu wongomenya osatola mipira, ndi theka la wosewera. Theka la wosewera womenya adikire zaka 10, theka la woponya alowe ndi 100%. Hoffman wa 601 analowa kachitatu. Billy Wagner ma save 422, ma strikeout ake pa inning kuposa a Rivera kutalitali, analowa 2025 pa mwayi wake womaliza weniweni. Jezi ya mizeremizere ya Yankees ija imathandiza, musandinamize

Sis Eneless Boston: Apa pokha ine ndi Mavu tili limodzi

Bambo a Thoko: Ine ndangomva kuti mwana wa msodzi anakalemera ndi kuponya. Ankalandira zingati?

Chiko Bronx: Zaka zake zabwino madola 15 miliyoni pa chaka madala

Bambo a Thoko: Thoko ndimuuze asiye za accounts.

Mavu South Bend: Kkkkk muyambe mwamuyeza ngati akufika 95 mph. Ine shift yakwana ndikulowa, Chiko ndikatuluka 11 ndipeze mwayankha za Wagner, ndipo musandibweretsere ERA yake ya playoff chifukwa ma inning ake onse a October sakwana ndi 12 omwe

Chiko Bronx: Nde mwaitchula nokha. 10.03. Kagwireni ntchito amwene